Tiyeni Tione

Ndinali mlembi wake ku Koloni, m'mbali mwa mtsinje wa Raini,
m'kachipinda konunkha zikopa za nkhosa ndi phula la kandulo.
Iye ankayenda uku ndi uku, manja kumsana,
ine ndikusongola nthenga ya tsekwe,
ndikupumira inki youma ndi chisanu kuti isungunuke.

Gerolf, mwana wa wowomba nsalu wa ku Ipre,
wamfupi, wa mano operewera, wotsokomola chaka chathunthu.

Lemba, Wibald, ankatero.
Lemba kuti: ndaona moto.
Ndaona udzu wouma.
Ndaona phulusa.
Koma chingwe chomanga zitatuzi
sindinachionepo, ngakhale kamodzi.
Maso amandiuza chimene chatsogola ndi chimene chatsatira.
Mawu akuti "chifukwa" ndimawonjezera ndekha.

Anyamata okhala pa udzu m'kalasi ankatsinana.
Ekbert wa ku Mainzi, wa pakamwa pakuthwa, anaimirira:
Aphunzitsi, ikanitu chala pa kandulopo!
Iye anaseka mpaka chifuwa chinamugwira.
Sindiika, mwanawe. Dzulo ndinapsa.
Za dzulo ndikudziwa, za lero ndikungoyembekeza,
ndipo chiyembekezo, ngakhale chikalambe bwanji,
sichisanduka umboni.
Galu womenyedwa amathawa ndodo,
koma funsa galuyo ngati ndodo inalumbira.

Chotsimikizika, ankati, n'chochepa ngati mchere wa m'dzanja:
kuti chinthu sichingakhalepo ndi kusakhalapo nthawi imodzi,
ndi kuti pano, tsopano lino, ndikumva kuzizira.
Zotsalazo ndi chizolowezi cha maso.
Dzuwa silituluka chifukwa lamangidwa m'goli.
Mulungu alibe ngongole ndi m'mawa.
Amaubweretsa monga munthu wokhulupirika
amafikira pakhomo pa tsiku la pangano,
pomwe akanatha kusabwera.

Kenaka kunabwera akuluakulu atatu, zipewa zaubweya,
atanyamula ziganizo makumi anayi ndi chimodzi
zozulidwa m'buku lathu ngati nthenga za nkhuku yamoyo.
Ichi n'chabodza. Ichi n'choopsa.
Ichi chisokoneza achinyamata.
Anamulamula atenthe yekha, ndi dzanja lake,
patsogolo pa tchalitchi chachikulu chosatha kumangidwa chija,
mtengo wokwezera miyala uli njo pamwamba pa nsanja.

Muuni ndinaugwira ndine.
Nyengo zitatu zachisanu ndinalemba bukulo,
nkhosa makumi asanu ndi anayi zinapereka misana yawo.
Anawerenga mawu okana aja m'Chilatini chosalala,
osanjenjemera, ngati akuwerenga mtengo wa nsomba.
Atatero anaika buku pa nkhuni,
nalandira muuni m'manja mwanga.

Apa ndi pamene sindiiwala.
Sanatembenuke. Sanalire.
Anawerama, maso ali tong'o,
ngati mwana woyembekeza nkhono itulutse maso,
ndipo ndinamva akunong'ona:
Tiyeni tione.

Chikopa sichiyaka msanga.
Chimakhwinyata, chimadzipinda, chimanunkha ngati nyama yopserera.
Zilembo zanga zinafufuma, zinachita thovu, zinada.
Linapsa ndithu.
Iye anagwedeza mutu pang'onopang'ono
monga umachitira mnzako akafika pa nthawi yake.
Wasunganso, anatero.
Bishopu anayesa kuti munthu walapa.

Anamutumiza ku kamudzi ka m'mapiri a Eifeli
kukawerenga mazira a chakhumi ndi kubatiza ana a oweta nkhumba.
Ndinamva kuti chifuwa chija chinamutenga chaka cha mliri,
kapena chaka chotsatira, sindikudziwa bwino.

Ine lero ndimalembera ogulitsa vinyo kudoko:
migolo yakuti, mangawa akuti.
Theka la zimene ndinamulembera sindinalimve,
ndipo theka linalo ndaiwala.
Koma m'bandakucha, ndikagwada pa mafuwa ozizira,
chitsulo kudzanja lino, mwala kudzanja linali,
pali kanthawi kakang'ono, kochepa kuposa mpweya umodzi,
pamene lawi silinagwire udzu
ndipo palibe chimene chalonjezedwa.
Mkazi wanga Hadewig amati ndimachedwa kukoleza moto.